Nsatsi, Khansa ndi Mitsempha Yodontha: Mbiri ya Chipolopolo Chomwe Chinavulaza Njira Yake

Kuseri kwa khola la mbuzi kwa agogo anga kunkamera nsatsi. Palibe amene ankazidzala, zinkangodzimerera chaka ndi chaka pamalo pomwe pankatayidwa zinyalala. Agogo ankatola njere zake zamawangamawanga zija, n'kuzikazinga, kuzisinja mumtondo, kenaka n'kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama pamwamba. Mafutawo ndi omwe tinkadzola m'miyendo nthawi ya chisanu khungu likayamba kutuwa. Lamulo linali limodzi lokha: mwana asayerekeze kutafuna njere ya nsatsi. Chifukwa chake sankatiuza, ndipo ife sitinkafunsa.

Chifukwacho ndinadzachimva m'kalasi kuno ku yunivesite. M'njere ya nsatsi muli chiphe chotchedwa ricin, chimodzi mwa ziphe zoopsa kwambiri zochokera ku zomera. Mafuta a agogo analibe vuto popeza chiphechi sichisungunuka m'mafuta ndipo moto umachiwononga. Chomwe chinandidabwitsa koposa n'choti kwa zaka zambiri asayansi a ku Ulaya ndi ku America anayesetsa kusandutsa chiphe chomwechi kukhala mankhwala a khansa. Luso lolunjikitsa chiphecho pa selo la khansa analipeza ndithu. Chomwe chinawagonjetsa mobwerezabwereza ndi njira yomwe mankhwala amadutsamo popita kukapeza khansayo, ndiyo mitsempha ya magazi. Mbiri imeneyi ndi yomwe ndikufuna tikambirane lero, anzanga, chifukwa ili ndi phunziro kwa tonse amene timatengeka tikamva zoti kwatulukiridwa mankhwala atsopano.

Kuchokera ku Dorpat mpaka kwa Ehrlich

Nkhaniyi ikuyambira m'chaka cha 1888 mumzinda wa Dorpat, womwe lero umatchedwa Tartu, m'dziko la Estonia. Kumeneko wophunzira wina dzina lake Hermann Stillmark, pochita kafukufuku wa digiri yake, anapeza kuti madzi otengedwa m'njere za nsatsi akasakanizidwa ndi magazi amachititsa kuti maselo ofiira amatirirane. Chinthu chomwe chinkachita zimenezi anachitcha ricin, potengera dzina la nsatsi m'Chilatini, Ricinus communis.

Patangopita zaka zitatu, mu 1891, dokotala wa ku Germany Paul Ehrlich anayamba kudyetsa mbewa za mu labotale ricin pang'onopang'ono. Mbewazo zinafika popirira mlingo womwe ukanapha mbewa ina iliyonse. Koma akazipatsa abrin, chiphe china chochokera ku timbewu tofiira tokhala ndi kadontho kakuda, zinkafa ngati mbewa zina zonse. Apa Ehrlich anaona kuti thupi limapanga chitetezo chosankha mdani: chomwe chapangidwira ricin chimadziwa ricin yekha. Zinthu zomwe zimagwira ntchito imeneyi m'magazi ndi zomwe lero timazitcha ma antibody. Ndi mapuloteni omwe asilikali a m'thupi amapanga, ndipo aliyense amamatirira pa chizindikiro chimodzi chokha, monga momwe kiyi amatsegulira loko wake yekha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Ehrlich anatchukitsa ganizo lomwe analitcha Zauberkugel m'Chijeremani, kutanthauza chipolopolo chamatsenga: mankhwala omwe angathe kusaka choyambitsa matenda m'thupi n'kuchipha popanda kukhudza china chilichonse. Analandira mphoto ya Nobel mu 1908. Ganizo lakelo linakhalabe m'mitu ya asayansi iye atamwalira kale, ndipo amene anadza pambuyo pake anadzifunsa funso losavuta. Ngati antibody amadziwa kusankha, ndipo chiphe chimadziwa kupha, bwanji osazimangirira pamodzi?

Momwe chiphe chimagwirira ntchito

Kuti ganizoli litheke panafunika kudziwa kaye kuti ricin amapha bwanji. M'zaka za m'ma 1970, Sjur Olsnes ndi Alexander Pihl a ku Oslo, m'dziko la Norway, anasonyeza kuti chiphechi chili ndi zigawo ziwiri. Chigawo B chimamatirira pa shuga wina yemwe amapezeka kunja kwa pafupifupi selo lililonse la m'thupi, ndipo chimathandiza chiphe kulowa m'kati. Chigawo A ndiye chakupha: chikalowa chimawononga ma ribosome, timakina ta m'selo tomwe timapanga mapuloteni. Mu 1987 Yaeta Endo wa ku Japan anapeza kuti chigawo A chimangochotsa kachidutswa kamodzi kokha pa ribosome, basi ribosome yonse n'kuleka kugwira ntchito. Chikatero sichitha mphamvu, chimapita kukawononga ina, kenaka ina, mpaka selo lonse litafa. N'chifukwa chake kachiphe kochepetsetsa kamakwanira.

Dziko lonse linamva za ukali wa ricin mu September 1978, pomwe Georgi Markov, mlembi wa ku Bulgaria yemwe anathawira ku London ndipo ankagwira ntchito ku BBC, anamva kubayidwa pantchafu akudikira basi pa mlatho wa Waterloo. Anamwalira patapita masiku anayi. M'thupi mwake anapezamo kachitsulo kozungulira kochepa ngati mutu wa phini, ndipo ofufuza anati munali ricin.

M'zaka zomwezo, ku Cambridge kunachitika chinthu china chomwe chinasintha zamankhwala. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein anapeza njira yopangira ma antibody a mtundu umodzi wokha, ochuluka momwe munthu angafunire. Izi zisanachitike, Frederick Moolten ndi Sidney Cooperband a ku Boston anali atasonyeza kale mu 1970 kuti n'zotheka kumangirira chiphe cha diphtheria pa antibody n'kupha maselo osankhidwa m'mbale ya mu labotale, koma ma antibody a nthawi imeneyo anali osakanikirana mitundu yambirimbiri. Njira ya Köhler ndi Milstein inachotsa chopinga chimenechi. Tsopano zinali zotheka kuchotsa chigawo B cha ricin, chija chomamatira paliponse, n'kuikapo antibody yemwe amadziwa selo la khansa lokha. Mankhwala oterewa anawatcha ma immunotoxin.

M'mbale za mu labotale zotsatira zake zinali zogometsa. Maselo a khansa ankafa, ena oyandikana nawo n'kutsala amoyo. Mbewa zodwala khansa zinkachira. Vuto loyamba lomwe linaoneka linali la chiwindi, chomwe chinkakoka mankhwalawo chifukwa cha timashuga tomwe tili pa chigawo A. Philip Thorpe wa ku Britain ndi anzake anapeza njira yochotsera timashugato. Zitatero panalibenso chodikira, mankhwalawo anapita kwa anthu.

Zomwe zinachitika m'mawodi

Mu 1987 Lynn Spitler ndi anzake ku California anafalitsa zotsatira za odwala 22 a khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma omwe analandira immunotoxin ya ricin. Mwa zovuta zomwe anaona munali zitatu zoyendera limodzi: puloteni wa m'magazi wotchedwa albumin ankatsika, odwala ankalemera mwadzidzidzi, ndipo ankatupa. Poti zizindikirozi zinkatha mankhwala akaleka, zinkaoneka ngati nkhani yaing'ono.

Ku Dallas, m'chigawo cha Texas, Ellen Vitetta ndi Jonathan Uhr anali kutsogolera gulu lomwe linkalimbana ndi lymphoma, khansa ya maselo oyera a magazi. Gululi linamangirira chigawo A cha ricin pa ma antibody osaka zizindikiro zotchedwa CD22 ndi CD19, zomwe zimapezeka pa maselo a mtundu wa B. Mu 1991 anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo woyamba pa anthu. Odwalawa anali oti mankhwala ena onse anawakanika, komabe mwa ena zotupa zinachepa ndi theka kapena kupitirira, ndipo zinachepa mofulumira. Chipolopolo chinali kufika pomwe chinalunjikitsidwa. Koma madokotala akati awonjezere mlingo kuti amalize khansa yotsalayo, zizindikiro zija zinkabwera mwamphamvu. Miyendo ndi manja zinkatupa, magazi ankayenda mofooka, ndipo mwa ena madzi ankadzaza m'mapapo mpaka kupuma kuvuta. M'kafukufuku wina wotsatira odwala ena anamwalira. Vutoli analitcha vascular leak syndrome, ndipo ena amati capillary leak syndrome. M'Chichewa tingangoti kudontha kwa mitsempha ya magazi.

Chomvetsa chisoni n'choti mlingo womwe ukanatha khansa unali pamwamba pa mlingo womwe mitsempha ikanapirira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene anafuna chiphe champhamvu kuti chiphe khansa analandira chiphecho pamodzi ndi zonse zomwe chimachita chisanafike pa khansapo.

Kodi mtsempha umadontha bwanji?

Ine poyamba ndinkaona mitsempha ngati mapaipi a madzi. Fanizoli limasokeretsa. Timitsempha ting'onoting'ono tomwe timafika pa mnofu uliwonse ndi topapatiza kwambiri moti maselo ofiira amadutsamo pamzere, limodzilimodzi. Khoma lake ndi losanjikiza kamodzi kokha: maselo opyapyala, oyalidwa mogwirana m'mbali ngati matailosi, omwe amatchedwa endothelium. Khomali linapangidwa kuti lizilola madzi, mchere, shuga ndi mpweya kudutsa kupita ku minofu, koma lizitsekera m'kati zinthu zikuluzikulu monga albumin.

Ntchito ya albumin inamveka bwino chifukwa cha kafukufuku wa Ernest Starling wa ku London, yemwe mu 1896 anafotokoza za mphamvu ziwiri zomwe zimakokana pa khoma la kamtsempha. Mtima ukamapopa, magazi amakankhira madzi kunja. Mapuloteni otsala m'kati, makamaka albumin yemwe amapangidwa m'chiwindi, amakokera madziwo m'kati, monga momwe mchere umakokera madzi mukauwaza pa tomato wodula. Mphamvu ziwirizi zikalingana, munthu satupa.

Tsopano taganizani kuti maselo oyala khoma aja avulala. Amakhwinyata n'kusiyana, ndipo pakati pawo pamatseguka mipata. Albumin amatulukira pamipatayo, madzi n'kumutsatira. Zotsatira zake ndi zosokoneza: munthu watupa thupi lonse, sikelo ikusonyeza kuti walemera ndi makilogalamu angapo m'masiku ochepa, koma m'mitsempha mwake madzi achepa. Magazi amakhuthala, mtima umasowa chopopa chokwanira, impso zimayamba kufooka. Dokotala amakhala pamphambano. Akapanda kumuika diripi, ziwalo zisowa magazi. Akamuika diripi yambiri, madziwo atulukiranso pamipata ija n'kukadzaza m'mapapo. Amene tinaonapo mwana wotupa chifukwa cha kusowa zakudya m'thupi tikudziwa momwe thupi lodzaza madzi limaonekera, ngakhale kuti gwero la kutupa kumeneko ndi lina.

Madokotala a khansa anali ataliona kale vutoli kwina. Mu 1985 Steven Rosenberg wa ku National Cancer Institute, ku America, anafalitsa zotsatira za odwala omwe analandira interleukin-2, puloteni yemwe amadzutsa asilikali a m'thupi. Ambiri mwa iwo anatupa ndi kulemera chifukwa cha madzi. Motero mankhwala awiri osiyana kotheratu, ena ochokera ku nsatsi ndipo ena ochokera m'thupi la munthu, ankavulaza mitsempha mofanana. Panafunika kudziwa chifukwa chake.

Kusaka gwero la vutoli

Chinthu choyamba chomwe chinachedwetsa asayansi n'choti mbewa sizinawachenjeze. Mbewa zomwe zinapatsidwa ma immunotoxin a ricin sizinkatupa monga momwe anthu anatupira. Nyama yomwe aliyense ankadalira poyesa mankhwala inali chete pa vuto lomwe linadzakhala lalikulu koposa. Gulu la ku Dallas linakakamizika kupeza njira zina. Mu 1993 anasonyeza kuti akathira chigawo A cha ricin pa maselo a endothelium otengedwa mumtsempha wa mchombo wa makanda, maselowo ankakhwinyata n'kusiyana mofulumira. Pambuyo pake anayamba kusokerera kachikopa ka munthu pa mbewa zopanda chitetezo cha m'thupi, kuti aone momwe mitsempha ya munthu weniweni ikuchitira m'nyama yamoyo.

Mu 1999 Roxana Baluna, Vitetta ndi anzawo anafalitsa zomwe anapeza atafananiza mapuloteni osiyanasiyana omwe amadonthetsa mitsempha. Puloteni aliyense ali ngati mkanda wa timikanda totchedwa ma amino acid. Iwo anaona kuti m'chigawo A cha ricin muli timikanda titatu totsatizana, tomwe mwachidule timalembedwa LDV, pa malo a 74 mpaka 76, ndipo mu interleukin-2 mulinso timikanda titatu tofanana nato. Timikanda timeneti tokha, popanda mbali ya chiphe yomwe imapha selo, tinkatha kumatirira pa endothelium n'kuivulaza. Tanthauzo lake linali lowawa. Asayansi anachotsa chigawo B poganiza kuti achotsa dzanja lokhalo lomwe chiphe chimagwirira maselo osalakwa, osadziwa kuti chigawo A chilinso ndi kadzanja kake.

Gwero lina linapezeka ku National Cancer Institute, komwe Ira Pastan ndi anzake ankagwiritsa ntchito chiphe cha kachirombo ka bakiteriya kotchedwa Pseudomonas. Mankhwala awo otchedwa LMB-1 ankasaka chizindikiro chotchedwa Lewis Y, chomwe chimachuluka pa khansa ya m'matumbo ndi ya m'mawere. Nawonso anakumana ndi mitsempha yodontha. Atafufuza anapeza kuti maselo a endothelium nawonso ali ndi Lewis Y pang'ono. Apa antibody sanalakwitse. Anachita zomwe anatumidwa, koma chizindikiro chomwe anapatsidwa chinalinso pa khoma la njira yake.

Pali chifukwa chinanso chachitatu chomwe n'chosavuta kuchimvetsa kuposa ziwirizi. Mankhwala akalowa kudzera m'diripi, maselo oyamba kukumana nawo ndi a endothelium, ndipo amakumana nawo asanasungunuke n'kuchepa mphamvu. Chotupa cha khansa chili kutali, kuseri kwa khoma, ndipo gawo lochepa kwambiri la mankhwala ndi lomwe limakafikako. Otsalawo amazungulira m'magazi kwa maola kapena masiku, akukhudza khoma lomwelo. Ngakhale selo la endothelium litamwa kachiphe kochepa mwangozi, tanena kale kuti kochepako kamakwanira.

Mu 2003 Joan Smallshaw ndi anzake a m'gulu la Vitetta anasintha kamkanda kamodzi koyandikana ndi LDV, ndipo anapeza chigawo A chomwe chinkaphabe khansa m'mbewa koma osadonthetsa mitsempha ya m'mapapo. Nzeru yomweyi inabala chinthu chomwe palibe ankachiyembekeza. Atasintha timikanda tiwiri, kamodzi kothetsa mphamvu yakupha ndi kena kothetsa kudontha kwa mitsempha, anapanga katemera woteteza anthu ku ricin wotchedwa RiVax, yemwe zotsatira za kuyesedwa kwake koyamba pa anthu zinatuluka mu 2006. Thorpe naye, atasamukira ku Dallas, anatembenuza vutoli. Mu 1993 iye ndi Francis Burrows anasonyeza m'mbewa kuti immunotoxin yolunjikitsidwa dala pa mitsempha yodyetsa chotupa ingathe kupha chotupa chachikulu pochimana magazi. Komabe mpaka lero palibe immunotoxin ya ricin yomwe inavomerezedwa kukhala mankhwala a khansa.

Mankhwala omwe anafika pamsika

Ziphe za mabakiteriya ndi zomwe zinapita patali. Mu 1999 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linavomereza denileukin diftitox, pa dzina la malonda la Ontak, kuti azichizira lymphoma ina ya pakhungu. M'mankhwalawa chiphe cha diphtheria chimatsogoleredwa ndi interleukin-2 m'malo mwa antibody, koma ganizo lake ndi lomwelo, ndipo vuto lakenso linali lomwelo: papepala lake panali chenjezo lalikulu la kudontha kwa mitsempha.

Gulu la Pastan linapambana kwambiri pa khansa ya magazi yosowa yotchedwa hairy cell leukemia. Mu 2001 Robert Kreitman ndi anzake anafalitsa zotsatira za mankhwala otchedwa BL22, omwe ankasaka CD22. Mwa odwala 16 omwe mankhwala odziwika anali atawakanika, 11 anafika poti khansa siinkaonekanso. Koma awiri anadwala hemolytic uremic syndrome, vuto lina la mitsempha: timitsempha ta mu impso timavulala, magazi amaundana m'timibulu, ndipo maselo ofiira amasweka podutsa. Mankhwalawa atakonzedwanso anatchedwa moxetumomab pasudotox, ndipo FDA inawavomereza mu September 2018 pa dzina la Lumoxiti. Papita zaka zoposa zana kuchokera pomwe Ehrlich analota za chipolopolo chake, koma papepala la Lumoxiti panali machenjezo akuluakulu awiri, ndipo onse anali a mitsempha ya magazi.

Ndinawerenga malangizo a kaperekedwe ka mankhwalawa, ndipo ndi pomwe nkhani yonseyi inandilowa. Wodwala ankayenera kukwera pa sikelo ndi kuyezedwa kuthamanga kwa magazi asanalandire diripi iliyonse. Akapezeka kuti walemera ndi makilogalamu 2.5 kuposa tsiku loyamba ndipo magazi akuyenda mofooka, madokotala ankayenera kufufuza msanga ngati mitsempha yayamba kudontha. Ankalangizidwanso kumwa madzi ofika malita atatu patsiku pofuna kuteteza impso. Mankhwala ena a mtundu womwewu, tagraxofusp, omwe anavomerezedwa mu December 2018, sayambidwa ngati albumin wa wodwala ali pansi pa magalamu 3.2 pa desilita. Choncho mankhwala opangidwa ndi luso lapamwamba la majini amadalira sikelo, makina oyezera BP, labotale yoyeza albumin, ndi namwino yemwe akulemba manambala tsiku ndi tsiku. Lumoxiti anachotsedwa pamsika wa ku America mu 2023, ndipo kampani ya AstraZeneca inati madokotala ochepa kwambiri ndi omwe ankawagwiritsa ntchito popeza panali mankhwala ena. N'zosavuta kuona kuti chisamaliro chomwe ankafuna chinali mtolo wolemera.

Pali banja lina la mankhwala momwe antibody amanyamula kachiphe kakang'ono kosakhala puloteni. Oyamba kuvomerezedwa anali gemtuzumab ozogamicin, kapena kuti Mylotarg, mu 2000, ochizira acute myeloid leukemia. Chiphe chake, calicheamicin, chinachokera ku bakiteriya wopezeka m'dothi la ku Texas. Apa mitsempha yomwe inkavulala inali ya m'chiwindi: timitsempha take tinkatsekeka, chiwindi n'kutupa, mimba n'kudzaza madzi, maso n'kusanduka achikasu. Mu 2010 mankhwalawa anachotsedwa pamsika wa ku America kafukufuku wina atasonyeza kuti sankatalikitsa moyo ndipo imfa zinachulukirapo mwa omwe anawalandira. Madokotala a ku France anayesa njira ina. M'malo mwa mamiligalamu 9 pa mita imodzi ya kukula kwa thupi, ankapereka mamiligalamu 3 okha pa tsiku loyamba, lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri. Odwala anapirira bwino ndipo phindu linaoneka, moti mu 2017 Mylotarg anavomerezedwanso. Antibody anali yemweyo ndipo chiphe chinali chomwecho. Chomwe chinasintha ndi kuchuluka kwa chiphe chomwe mitsempha inkakumana nacho pa nthawi imodzi.

Zomwe ndatolapo

Sindikunena kuti ganizo la Ehrlich linali lolakwika. Alipo anthu a hairy cell leukemia omwe anakhala zaka zambiri opanda khansa chifukwa cha ma immunotoxin, ndipo mankhwala a antibody onyamula chiphe lero akuthandiza odwala khansa ya m'mawere, lymphoma ndi zina. Chomwe ndikutsutsa ndi fanizo la chipolopololo. Chipolopolo chimadutsa mumpweya, ndipo mpweya suvulala. Mankhwala amadutsa m'thupi lamoyo, ndipo chilichonse chomwe akukhudza panjira ndi mbali ya wodwala yemweyo. Kwa zaka zambiri nzeru ndi ndalama zinathera pa kunola kulunjika kwa antibody, pomwe kakhoma kopyapyala kosanjikiza kamodzi ndi komwe kankalamula kuti wodwala angalandire mankhwala ochuluka bwanji. Odwala omwe anavomera kuyesedwa ku California, ku Dallas ndi kwina, ambiri akudziwa kuti masiku awo atsala ochepa, ndi omwe anaphunzitsa asayansi zomwe mbale za mu labotale ndi mbewa zinalephera kunena.

Phunziroli likutikhudza ife amene tikuphunzira zaumoyo kuno kwathu. Burkitt lymphoma, yomwe imavutitsa ana ambiri m'Malawi, ndi khansa ya maselo a mtundu wa B, omwe aja okhala ndi CD19 ndi CD22. Sizodabwitsa tsono ngati tsiku lina mankhwala a antibody onyamula chiphe atadzafika m'zipatala zathu, kaya kudzera m'kafukufuku kapena m'thandizo. Tsiku limenelo mtengo wa botolo udzakhala funso loyamba, koma padzakhalanso ena. Kodi sikelo ya m'wodi ikugwira ntchito, ndipo alipo woyeza wodwala aliyense m'mawa uliwonse? Kodi zotsatira za albumin zingatuluke tsiku lomwelo? Kodi wodwala yemwe wabwera atafooka kale ndi kusowa zakudya, albumin wake ali wotsika, akuyenera kuyamba mankhwala oterewa? Kodi mpweya wa oxygen ulipo ngati madzi atafika m'mapapo usiku? Amene adzayankhe mafunso amenewa ndi ife tomwe tili m'makalasi lero.

Ndipo kwa inu anzanga amene simukuphunzira zaumoyo, mukadzaona pa Facebook kapena pa WhatsApp uthenga woti kwapezeka mankhwala opha khansa yokha osakhudza thupi, dzafunseni zinthu zitatu: anayesedwa m'mbale, pa mbewa, kapena pa anthu? Ngati ndi pa anthu, n'chiyani chomwe chinaletsa madokotala kuwonjezera mlingo? Nanga odwala ankayang'aniridwa motani? Pa ma immunotoxin, kawirikawiri yankho la funso lachiwirilo lakhala mitsempha ya magazi kuyambira m'ma 1980 mpaka lero.

Tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi ndipo ndinapeza nsatsi zikumerabe kuseri kwa khola. Ndinawafotokozera agogo kuti azungu anayesa kupanga mankhwala a khansa kuchokera m'njere zomwe ankatiletsa kutafuna zija, ndipo odwala ankatupa miyendo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga iwowo sanadziwe kuti nsatsi sadya?" Ndinawayankha kuti ankadziwa bwino lomwe, ndipo n'chifukwa chake anaisankha. Agogo anangopukusa mutu n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.